Chiwawu ndi kuchepa kwa magazi mwa mayi woyamwitsa yemwe ankamwa isoniazid: lipoti la wodwala mmodzi

Lipoti ili ndi la mayi wa zaka za m'ma 30, mlimi wa kumudzi m'chigawo chapakati, yemwe tinamugoneka m'wodi ya amayi m'mwezi wa Febuluwale. Anali ndi chiwawu (pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa niacin, yemwe ndi vitamini B3), kuchepa kwa magazi kobwera chifukwa chosowa ayironi, komanso dzanzi la m'mapazi. Dzina lake, mudzi wake ndi zina zomwe zingamuzindikiritse ndazichotsa. Ndalemba poganizira anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono, kumene wodwala wotere amayamba kufikira, chifukwa mavuto atatuwa anachokera m'mbale imodzi, ndipo wowachiza lililonse palokha amataya masabata omwe wodwalayo alibe.

Mmene anafikira

Anabwera naye ndi mkulu wake, pa njinga ya kabaza. Asanakhale n'komwe pansi, mkuluyo anati: "Adokotala, mng'ono wangayu wayamba misala. Usiku sagona, amangobwebweta. Mwana akamalira amangomuyang'ana ngati si wake."

Titafunsa bwino, zinaoneka kuti mutu unali womaliza kusokonezeka. Choyamba chinali khungu. Miyezi iwiri m'mbuyomo, nthawi yopalira, kunja kwa manja ndi pamwamba pa mapazi panayamba kufiira ndi kutentha, kenako kuda ndi kukhakhala. Anagula mafuta odzola kugolosale, osathandiza. Pachipatala china anamupatsa mankhwala opaka a chipere. Patapita milungu ingapo m'kamwa munayamba kuwawa moti nsima yotentha sankaikhudza, ndiye kunabwera kutsekula m'mimba kwa madzi okhaokha, kanayi kapena kasanu patsiku, komwe pofika kwa ife kunali kutatha milungu itatu. Kubwebweta kunali ndi sabata imodzi yokha. Achibale anali atapita naye kale kwa sing'anga, ndipo pachifuwa panali mphini zatsopano. Sindinawadzudzule. Munthu yemwe khungu lapsa popanda moto, kenako n'kuyamba kulankhula zosamveka, banja lililonse lingathamange naye kulikonse komwe lamva kuti kuli thandizo.

Buku lake la kuchipatala linatiuza zambiri. Anali pa ma ARV kwa zaka zitatu, piritsi limodzi patsiku lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo viral load (muyeso wa kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi) yomaliza inasonyeza kuti kachilombo kagonja. Ankamwanso Bactrim. Miyezi inayi asanadwale anamuyambitsa isoniazid wa tsiku ndi tsiku woteteza ku TB. Pyridoxine, yemwe ndi vitamini B6 woyenera kuyenda limodzi ndi isoniazid, analembedwa mwezi woyamba wokha. M'miyezi yotsatira malo ake anali osalembedwa kanthu. Ana anali nawo anayi, wotsiriza wa chaka ndi miyezi iwiri, woyamwabe. Mowa samwa. Kumwezi ankataya magazi ambiri chiyambire kusambanso atabereka.

Zomwe ankadya

Apa ndipo ndinakhalitsa, ndipo ndikupempha aliyense wowerenga lipotili azikhalitsanso apa. Funso lakuti "Kodi amadya bwino?" silithandiza, chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Ndinafunsa mkulu wakeyo kuti andiuze za dzulo, za dzana, ndi tsiku lomaliza lomwe m'nyumbamo munalowa nsomba.

Nkhokwe inatha mu Novembala. Kuyambira pamenepo mayiyu ankayenda maganyu opalira ndi kubandira m'minda ya ena, dzuwa lonse, malipiro ake ndi kachidebe ka chimanga. Chimangacho ankachikonola, kuchiviika m'madzi masiku angapo, kuchitsuka, kuchiyanika, kenako kuchigayitsa kuti chikhale ufa woyera. Gaga ankasinthanitsa ndi mchere kwa woweta nkhumba. Ndiwo zinali nkhwani kapena therere zothira soda, zopanda nsinjiro. Mtedza analima ndithu chaka chimenecho, koma wonse anagulitsa kwa mavenda atangokolola kuti alipire ngongole ya feteleza. Nyemba zinatha kale. Usipa anaulawa komaliza pa Khirisimasi. M'mawa ankamwa tiyi wopanda mkaka, nthawi zina ndi mkute. Chakudya chikachepa, ana ndi bambo ndiwo ankayamba. Mkuluyo anawonjezera, motsitsa mawu, kuti mng'ono wake ankakonda kudya dothi la pachulu, mwina kodzaza dzanja patsiku.

Zomwe tinapeza pomuyeza

Ankalemera makilogalamu 43 pa msinkhu wa masentimita 158, BMI (kulemera poyerekeza ndi msinkhu) 17.2, kusonyeza kuwonda, ndipo kuzungulira kwa mkono kunali masentimita 21. Thupi silinali lotentha. Mtima unkagunda ka 108 pamphindi, BP 100/60. Ankadziwa dzina lake koma tsiku, mwezi ndi malo omwe anali sankazidziwa, ndipo ankachita mantha namwino akamamuyandikira. Khosi silinali louma. Maso sanali achikasu.

Khungu ndilo linanena zonse. Kunja kwa manja onse awiri, kuyambira m'zala mpaka pamwamba pang'ono pa chigongono, linali lakuda bii, lokhuthala, long'aluka, kwina likusupuka n'kusiya pofiira. Malire ake anali owongoka, ndendende pomwe pankathera mkono wa bulauzi. Pamapazi chimodzimodzi, koma pomwe pankadutsa zingwe za patapata panatsala mizere iwiri ya khungu labwinobwino. M'khosi munali chozungulira chakuda chotsikira pachifuwa motsata khosi la bulauzi, chomwe mabuku amachitcha mkanda wa Casal, potengera dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, yemwe anafotokoza matendawa mu 1735. Pamimba, pamsana ndi m'ntchafu, momwe dzuwa silifika, munalibe kanthu.

Lilime linali lofiira psu, losalala, lotupa pang'ono, ndipo m'mbali mwa milomo munali ming'alu. Mkati mwa zikope ndi m'zikhatho munali motuwa. Zikhadabo zinali zopyapyala, ziwiri zolowa pakati. Mtima unali ndi kamkokomo kofewa komwe timakamva magazi akachepa, koma mapazi sanatupe ndipo m'chifuwa munali moyera. Pomugwira zala za kumapazi ndi thonje sankamva bwino mbali zonse ziwiri.

Kwa munthu yemwe ali ndi HIV ndipo mutu wasokonezeka, sitingangodalira maso. Tinayeza malungo, sanapezeke. Shuga anali bwino. CD4, muyeso wa chitetezo cha m'thupi, inali 410. Madzi a pamsana anatuluka oyera, opanda chizindikiro cha matenda oumitsa khosi. Chiwindi, chomwe isoniazid amatha kuchivulaza, chinali bwino. Mimba analibe. Makhololo ndi chithunzi cha pachifuwa sizinasonyeze TB. Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, inali 7.4, ndipo MCV, muyeso wa kukula kwa maselo ofiira, inali 68, kutanthauza kuti maselo ofiira anali aang'ono kwambiri monga zimakhalira ayironi akasowa. M'chimbudzi munapezeka mazira a njoka za m'mimba zoyamwa magazi, zija zimalowera kumapazi. M'mkodzo munalibe mazira a likodzo.

Tinaganizirako ngati khungulo lapsa chifukwa cha Bactrim, yemwe nayenso amatha kuchititsa khungu kudana ndi dzuwa. Koma anali atamumwa zaka zitatu popanda vuto, ndipo Bactrim sangafotokoze lilime, m'mimba ndi mutu pamodzi. Chiwawu chimadziwika ndi maso ndi mafunso. Kuyeza niacin m'mkodzo kulipo, koma si kwa zipatala zathu za m'maboma, ndipo umboni weniweni ndi wakuti wodwala akapatsidwa vitaminiyu amasintha m'masiku ochepa. Tinayamba chithandizo tsiku lomwelo.

Chifukwa chiyani mayiyu, osati mnansi wake

Mavitamini a gulu la B ndi vitamini C amasungunuka m'madzi. Kupatula B12 yemwe chiwindi chimasunga kwa zaka, thupi siliwasunga ambiri, otsala amatuluka ndi mkodzo, choncho amafunika kulowa pafupifupi tsiku lililonse. Amathawanso m'chakudya chikaviikidwa, chikatsukidwa kapena madzi ophikira akatayidwa.

Niacin, yemwe ndi vitamini B3, thupi limamugwiritsa ntchito potulutsa mphamvu m'selo iliyonse. Akasowa, zoyamba kuvutika ndi ziwalo zomwe maselo ake amasinthika msanga kapena amadya mphamvu zambiri: khungu, njira ya chakudya kuyambira m'kamwa mpaka m'matumbo, ndi ubongo. Mayi wamkulu amafunika mamiligalamu 14 patsiku, woyamwitsa pafupifupi 17. Chimanga chili ndi niacin, koma ambiri mwa iye ndi womangika mwanjira yoti matumbo athu sangamumasule. Anthu a ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika m'madzi a laimu asanachipere, ndipo zimenezi zimamasula niacin. Chimanga chinafika kuno popanda kaphikidwe kameneko.

Thupi lili ndi njira yachiwiri. Limatha kupanga niacin kuchokera ku tryptophan, kachigawo ka mapuloteni, pa mlingo wa mamiligalamu 60 a tryptophan kuti papezeke miligalamu imodzi ya niacin. Chimanga chili ndi tryptophan wochepa, ndiye amene amapulumutsa wodya nsima ndi ndiwo: mtedza, nyemba, nsomba, nyama, mazira, mkaka. Ndipo njira yachiwiriyi siyenda yokha. Imafuna vitamini B6, vitamini B2 ndi ayironi. Isoniazid amalimbana ndi B6.

Tikaika zonsezi pamodzi, mayiyu njira zonse zinamutsekekera nthawi imodzi. Niacin wa m'chakudya analibe. Tryptophan anali wochepa. B6 wothandiza kusandutsa wochepayo anali kulandidwa ndi isoniazid popanda pyridoxine wobwezera. Ming'alu ya m'milomo inkaloza kuti B2 nayenso wachepa. Ayironi ankatha ndi mimba zinayi, kusamba kwambiri ndi njoka, pomwe wolowa anali wa m'masamba wovuta kuyamwika, wotsekerezedwanso ndi tiyi ndi dothi. Kuyamwitsa kunkakweza chofunika. Kutsekula m'mimba kutayamba, ngakhale kochepa komwe ankadya kankangodutsa. Anansi ake ankadya nsima yomweyo, koma sanali pa isoniazid ndipo sankayamwitsa.

Si zachilendo m'dziko muno. Mu 1990, pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique omwe ankakhala kumwera kwa Malawi, anthu oposa 18,000 anadwala chiwawu m'miyezi yochepa, ndipo mliriwo unabwera mtedza utasiya kugawidwa pa chakudya chawo. Boma litayamba kupereka isoniazid kwa anthu ambiri omwe ali pa ma ARV mu 2017, m'maboma a Lilongwe, Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Chiradzulu, zipatala zinayamba kuona odwala chiwawu ochuluka, ndipo kafukufuku yemwe anachitika pambuyo pake anapeza kuti omwa isoniazid anali pachiopsezo chachikulu kuposa ena. Izi sizikutanthauza kuti mankhwalawa ndi oipa. TB ndi imene imapha anthu ambiri omwe ali ndi HIV, ndipo kuiteteza n'koyenera. Zikutanthauza kuti mankhwala abwino akagwera m'thupi lomwe lili kale pamphepete, wopereka ayenera kudziwa chomwe munthuyo akudya.

Chithandizo

Tinaimitsa isoniazid ndi kulemba chifukwa chake ndi zilembo zazikulu m'buku lake. Ma ARV ndi Bactrim anapitiriza.

Anayamba nicotinamide, yemwe ndi mtundu wa niacin, mamiligalamu 100 katatu patsiku, kwa milungu inayi, mogwirizana ndi malangizo a bungwe la WHO a mamiligalamu 300 patsiku kwa milungu itatu kapena inayi. Timasankha nicotinamide chifukwa mtundu winawo, nicotinic acid, umatenthetsa nkhope ndi kuyabwitsa thupi, ndipo wodwala amausiya. Chenjezo kwa anzanga: nicotinamide akasowa timathamangira mapiritsi a vitamini B complex, koma ambiri mwa iwo ali ndi nicotinamide wochepa kwambiri. Werengani pabotolo, muwerengetse. Piritsi limodzi patsiku silichiza chiwawu. Ifeyo B complex tinamupatsa monga wowonjezera, pofuna B1 ndi B2, popeza wosowa vitamini mmodzi wa gululi kawirikawiri amasowanso anzake. Tisanamuike diripu ya shuga tinamubaya thiamine, yemwe ndi B1, mamiligalamu 100, chifukwa shuga wolowa m'thupi losowa B1 atha kuvulaza ubongo.

Pa dzanzi tinapereka pyridoxine mamiligalamu 50 patsiku. Sitinapitirire apo. Anthu amaganiza kuti vitamini wosungunuka m'madzi sangapweteke, koma B6 wochuluka kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha yomweyo yomwe tikufuna kuichiza.

Madzi otayika tinabwezera ndi Thanzi. Pakhungu tinangopaka Vaseline, kutsuka ming'alu ndi madzi a mchere, ndi kumuika pa bedi lakutali ndi zenera. Chakudya tinayamba ndi phala la Likuni lozizira pang'ono ndi mkaka, chifukwa cha m'kamwa, kenako chiponde ndi mazira. Mwana anapitiriza kuyamwa, azakhali ake akuyang'anira.

Magazi sitinamuwonjezere. Hb ya 7.4 mwa munthu yemwe sakutaya magazi pakali pano, wosabanika, mtima ukugwira bwino, imakwera ndi mapiritsi. Albendazole, mankhwala a njoka za m'mimba, mamiligalamu 400 anamwa kamodzi. Ayironi tinadikira mpaka tsiku lachisanu ndi chimodzi, m'mimba mutaima, chifukwa amanyansitsa mtima ndi kuvuta m'matumbo, ndipo sindinafune kuti adane nawo pa chiyambi pomwe. Anayamba piritsi limodzi patsiku la ferrous sulphate, yemwe ndi ayironi, wophatikiza ndi folic acid kapena folate, vitamini wa gulu la B. Limodzi ndi lokwanira: munthu akamwa ayironi, thupi limatulutsa homoni wotchedwa hepcidin yemwe amachepetsa kuyamwika kwa ayironi wina kwa pafupifupi tsiku lathunthu, choncho kumwa katatu kumachulukitsa madandaulo kuposa magazi.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimaiwalika kawirikawiri. Ayironi amagwira dolutegravir m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Akamwedwa pamodzi pamimba yopanda kanthu, munthu yemwe kachilombo kanagonja atha kuyamba kubwerera m'mbuyo. Malangizo ndi akuti dolutegravir amwedwe maola awiri ayironi asanamwedwe kapena maola asanu ndi limodzi pambuyo pake, apo ayi zonse zimwedwe ndi chakudya. M'nyumba yomwe chakudya sichidziwika ngati chipezeka, kudalira chakudya n'kovuta, ndiye tinagwirizana zophweka: ma ARV m'mawa monga anazolowera, ayironi madzulo. Tinawauzanso kuti chimbudzi chidzada ndipo asadabwe, kuti tiyi atalikirane ndi piritsilo, komanso kuti mapiritsiwo aziikidwa pamwamba, chifukwa ochepa okha atha kupha mwana wongoyamba kuyenda.

Mmene zinayendera

Usiku wachiwiri anagona. M'mawa wa tsiku lachitatu, ndikuyendera odwala, anandipatsa moni yekha, n'kutembenukira kwa mkulu wake: "Achemwali, mwana wadya?" Anadziwa kuti ali kuchipatala, ngakhale za mmene anafikira sanazikumbuke. Kutsekula m'mimba kunaima tsiku lachinayi. Pakutha kwa sabata lilime linasiya kuwawa ndipo anayamba kudya nsima. Khungu lakuda linayamba kusupuka m'zigamba, pansi pake pakutuluka latsopano lotuwirako. Tinamutulutsa tsiku lachisanu ndi chinayi.

Patatha milungu inayi Hb inali 9.3, kulemera makilogalamu 45. M'manja munatsala mthunzi chabe wa pomwe panali zilonda. Chilakolako cha dothi chinali chitatha, iye mwini anadabwa nazo. Patatha miyezi itatu Hb inafika 11.9, MCV 79, kulemera makilogalamu 48, ndipo viral load inali ikadali pansi. Dzanzi ndilo linachedwa. Linachepa koma zala zazikulu za kumapazi zinali zisanabwerere bwinobwino, zomwe si zodabwitsa poti mitsempha imachira pang'onopang'ono. Ayironi tinamuuza apitirize miyezi ina itatu Hb itafika pabwino, kuti thupi lisungeko wina. Ambiri amasiya akangomva mphamvu, n'kubweranso chaka chamawa ndi vuto lomwelo. Za kutaya magazi kumwezi tinamutumiza ku kiliniki ya amayi.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anakayendera pakhomopo. Apongozi ake aakazi, omwe ankadya m'nyumba yomweyo, anapezeka ndi khungu loyamba kuda kunja kwa manja, ndipo analandira chithandizo m'mimba ndi mutu zisanakhudzidwe. Mwana woyamwayo anali ndi magazi ochepa pang'ono, naye anathandizidwa. Wodwala chiwawu mmodzi akapezeka, odya naye mbale imodzi ayenera kuonedwa.

Za kunyumba

Uphungu wa zakudya ndi pomwe ife a chipatala timalankhula zambiri zosatheka. Kuuza mayi woyenda maganyu kuti azidya nyama ndi mkaka tsiku lililonse n'kumunyoza. Tinakhala pansi ndi iye, mkulu wake ndi mwamuna wake, yemwe anabwera tsiku lotuluka, n'kuyang'ana zomwe zili pafupi. Nyengo ya mvula kuli bowa, yemwe ali ndi niacin, ndi ngumbi zikatuluka. Bonya wa ndalama zochepa, wodyedwa ndi mitu yomwe, amapereka mapuloteni ndi ayironi woyamwika bwino, ndipo amathandiza kuti wa m'masamba nayenso alowe. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha. Zikaphikidwa ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa, popanda soda, msuzi wake osataya, zimasunga folate ndi vitamini C. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo koma zimapha vitamini C ndi B1. Pa therere sindinalimbane nawo, poti popanda soda anthu sangalidye, koma nkhwani ndi mpiru zimapsa bwino popanda iye. Gwafa, malambe kapena ndimu pa nthawi ya chakudya zimakweza kuyamwika kwa ayironi. Ndipo kudimba avale nsapato, ngakhale za pulasitiki.

Pa nkhani ya ufa ndiyenera kunena mosamala, chifukwa ndimamva anzanga akuuza odwala kuti mgaiwa uchiza chiwawu. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera: umasunga B1, B6 ndi zina zomwe zimapita ndi gaga ndi madzi oviikira. Koma niacin wake ndi womangika yemweyo, ndipo gaga ali ndi phytate yemwe amagwira ayironi. Ufa wa m'mafakitale akuluakulu umathiridwa ayironi ndi mavitamini, koma banja ngati ili limagayitsa pachigayo cha m'mudzi ndipo ufa wa m'sitolo siliuona. Choteteza chenicheni pakhomo lotere ndi mtedza. Magalamu 100 a mtedza ali ndi niacin wopitirira mamiligalamu 10, ndipo nsinjiro zodzaza dzanja m'ndiwo kapena m'phala tsiku lililonse zimasintha zinthu. Bamboyo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati: "Ndamva, adokotala. Chaka chino thumba limodzi silituluka m'nyumba, ngakhale angongole abwere." Ngati adzakwanitse zidzaoneka pokolola, poti ngongole ya feteleza sinathe.

Ku kiliniki yathu ya ma ARV tinagwirizana zinthu zochepa kuchokera pa wodwalayu. Aliyense yemwe ali pa isoniazid, akabwera kudzatenga mankhwala, tizimuyang'ana kunja kwa manja, m'khosi ndi lilime, zomwe sizitenga mphindi imodzi, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Pyridoxine akasowa m'famasi, nkhaniyo izifika kwa woyang'anira tsiku lomwelo, ndipo wodwala wowonda kapena woyamwitsa aziunikidwa payekha asanapatsidwe isoniazid wopanda mnzake. Mayi aliyense yemwe tamulembera ayironi ali pa dolutegravir aziuzidwa nthawi yomwera, ndipo izilembedwa m'buku. Mayi wa lipotili sitinamubwezere pa isoniazid. Timamufunsa za chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda ulendo uliwonse akabwera, ndipo adzayezedwanso Hb akamaliza miyezi itatu yotsalayo.